Nsalu Yoyera ya Bambo Anga

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndili Sitandade 6, chifukwa ndi chaka chimene dzanja langa linatchuka. Aphunzitsi ankandituma kulemba manotsi pa bolodi iwo atakhala pansi, ndipo amayi a m'mudzi ankabwera kwathu kuti ndiwalembere makalata opita kwa amuna awo kumaesiteti akutali. Tinkakhala m'mudzi wina kufupi ndi Mitundu. Referendamu inali itadutsa, anthu atavomereza zipani zambiri, koma chisankho chenicheni chinali chisanafike ndipo chipani chakale chinkalamulabe. Inali nyengo imene munthu ankatchula mawu amene kale sankatchulika, kenaka n'kucheuka kuti aone amene wamva.

Bambo anga anali mkulu wa mpingo. Ankalima fodya ndi chimanga monga wina aliyense, koma ankasiyana ndi anzawo pa chinthu chimodzi: ankakhulupirira kuti Mkhristu sagwira chida, ngakhale chodzitetezera nacho. Akuba atatibera mbuzi ziwiri, amuna a m'mudzi anatenga zibonga kuti akawalondole. Bambo anakana kupita nawo, ndipo anawapempha kuti nawonso asapite. Anthu ankawaseka mobisa, komabe mkangano ukabuka pa malire a minda ankabwera kwa iwo, pakuti sankakweza mawu ndipo sankakondera. Ine sanandimenyepo ngakhale kamodzi. Ndikalakwa ankangondiyang'ana nthawi yaitali, ndipo zimenezo zinkawawa kuposa mkwapulo wa amayi.

Mu Disembala, tikupalira chimanga, wailesi inanena kuti asilikali ayamba kulanda mfuti anyamata a chipani. Anyamata amenewa anali ndi mayunifolomu ndi makampu awoawo, ndipo kwa zaka zambiri ndiwo ankaima pa zipata za misika ndi pokwerera mabasi kufunsa anthu makadi a chipani. Wopanda khadi sankagula mchere, ndipo nthawi zina ankabwerera kwawo atanyamulidwa. Tsopano zinthu zinatembenuka. Ochokera ku tauni ankati mfuti zikulira usana wonse, makampu akuphwasulidwa, anyamata akuthawira kutchire atavula malaya awo. Ife tinazitcha nkhondo. Nkhondo tinkaidziwa kudzera mwa anthu a ku Mozambique amene ankatulukira m'nkhalango ya Dzalanyama kudzafuna ganyu, ena opanda ana awo, ena opanda mwendo, ndipo panalibe amene ankafuna kuti zotere zifike kwathu.

Tsiku lachiwiri kunabwera mai Nambewe a mumpingo mwathu. Mwana wawo Lemekezani anali mmodzi wa anyamata aja. Mai Nambewe anagwada pa khonde, matope ali m'miyendo, khasu atalisiya panjira.

"Abambo, mwana wanga amuwombera ngati galu wachiwewe. Anabatizidwa inu mukuona, kalasi munamuphunzitsa nokha. Mpingo ungokhala chete?"

Mai aja atapita, bambo anatenga njinga n'kuyenda nyumba ndi nyumba kwa Akhristu anzawo. M'mawa mwake anauza amayi kuti atulutse nsalu yoyera imene ankasunga m'sutikesi, yoti adzasokere makatani nyumba ikadzafoleredwa malata. Amayi anaitulutsa. Bambo anaiyala pa mphasa, anabweretsa penti wakuda wotsala popenta zitseko za tchalitchi, n'kundiitana. Burashi panalibe, choncho ndinatafuna nsonga ya kamtengo mpaka inakhala ngati mswachi. Ndinayamba ndajambula zilembo ndi khala kuti zilingane, kenaka ndinadutsamo ndi penti. Mawu anali awo: AKHRISTU AKUKANA NKHONDO. TULANI MFUTI NONSE. Nditamaliza, bambo anaima chapatali n'kunena kuti, "Zikuwerengeka." Kwa iwo kumeneko kunali kuyamikira kwakukulu.

Anasankha kupita ku Nathenje chifukwa kumeneko ndiko kunali msewu wa tala, kumene magalimoto a asilikali ankadutsa. Tinanyamuka m'mamawa, anthu osaposa makumi atatu, amuna pa njinga, amayi pa ngolo ya ng'ombe. Ine ndinakhala pa kaliyala ya bambo nditakumbatira nsalu kuti isanyowe. Njira inali yoterera, ndipo kawiri konse tinatsika kukankha ngolo itatitimira m'matope ofiira. Amayi ankaimba nyimbo za m'tchalitchi, koma dzuwa litakwera nyimbo zinachepa, kunatsala kulira kwa magudumu.

Tinafika masana. Tinaima m'mbali mwa msewu, pafupi ndi amayi ogulitsa mango, ntchentche zili ng'waa pa makoko otayidwa. Amuna awiri anatambasula nsalu. Bambo anapemphera, kenaka anandipatsa pepala limene analemba kuti ndiwerenge, ati mawu a mwana anthu amawamvera. Ndinawerenga mokweza monga ndinkachitira pa asembule. Pepalalo linkati magazi ndi magazi, a msilikali ndi a mnyamata wa chipani ndi amodzi, ndipo onse atule zida akambirane. Ena anawomba m'manja. Bambo wina amene ankadikira basi anafuula kuti, "Wakutumani ndani?" Galimoto ya asilikali inadutsa imodzi yokha nthawi yonse imene tinaima. Msilikali wina kumbuyo anakweza dzanja, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati ankatipatsa moni kapena ankati tifutukire kutali ndi msewu.

Tsidya lina la msewuwo, pansi pa mtengo, panali shedi ya amalume anga a Yotamu, mlongo wawo wa amayi, amene ankakonza njinga. Anatiwona chiyambire koma sanadzuke pa chitsa chawo. Khutu lawo lakumanzere silinkamva. Pabanja tonse tinkadziwa chifukwa chake, ngakhale kuti sitinkachitchula: zaka zingapo m'mbuyomo anyamata a chipani anawapeza pa msika wa Mitundu opanda khadi, anawagoneka pansi anthu akuona, n'kuwaponda ndi nsapato. Linali tsiku la msika, ndipo bambo anga analipo.

Anthu atabalalika kukafuna chakudya, ine ndi bambo tinawoloka kukawapatsa moni. Amalume ankamata chubu. Anandiuza kuti nditambasule nsalu ndiwawerengere, ndipo ndinatero monyadira, ndikudikira kuti ayamikire zilembo.

"Nonse," anatero amalume. "Nonse ndi ndani, alamu?"

"Aliyense wogwira mfuti," anayankha bambo.

"Chaka chija, nsalu imeneyi inali kuti?"

Bambo anayang'ana pansi. "Ndinakupemphererani, alamu. Mukudziwa."

"Ndikudziwa. Ine munandipempherera m'nyumba, chitseko chili chotseka. Awa mukuwapempherera pa msewu." Amalume anamiza chubu m'beseni la madzi kuti aone ngati mpweya ukutulukabe. "Zaka zonsezi mfuti zinali mbali imodzi, mpingo sunaone nkhondo. Lero wapezeka wowalanda, mwayenda kuchokera ku Mitundu m'matope. Asilikali akakumverani n'kubwerera, mfutizo zitsala m'manja mwa yani? Chisankho tidzachita mnyamata wa mfuti ataima pa khomo?"

"M'makampumo muli ana a anthu. Ena sanamenyepo munthu."

"Inenso ndinali mwana wa munthu."

Sanakalipirane. Amalume anatuma mwana kukatigulira zitumbuwa, tinadya, tinatsanzika. Ine ndinakwiya ndi amalume, osati chifukwa cha zimene ananena, pakuti sindinazimvetse bwino, koma chifukwa za zilembo zanga sananenepo kanthu.

Kuwomberana kuja kunatha patangopita masiku ochepa, ndipo sindikhulupirira kuti nsalu yathu inathandizapo kapena kusokonezapo kanthu. Lemekezani anathawira kutsidya kwa malire kudzera m'nkhalango, ndipo patapita nthawi anatumiza uthenga kwa amayi ake kuti ali moyo. Nsalu inapindidwa n'kuikidwa pamwamba pa kabati. Ine ndinkaganiza kuti nkhani yathera pomwepo.

Nthawi yosankha fodya m'zigafa itafika, misonkhano ya zipani inachuluka, pakuti chisankho chinayandikira. Tsiku lina makolo anga ali ku maliro m'mudzi woyandikana nawo, kunabwera a Chisale, tcheyamani wa chipani cholamula m'dera lathu. Anali munthu waulemu polankhula, wodziwa dzina la mwana aliyense. Anatsamiritsa njinga pa nkhokwe, ndinawapatsa mpando, ndinagwada n'kuwauza kuti akuluakulu kulibe.

"Ndabwerera iwe, Esinati. Paja nsalu ija ya ku Nathenje unalemba ndiwe? Ena akutsutsa, akuti analemba ndi aphunzitsi."

"Ndinalemba ndine."

"Dzanja ngati la kalaliki wa ku boma! Loweruka kukubwera alendo aakulu. Ndikufuna aone kuti kuno ku Mitundu kuli ana ophunzira. Undibwereke, ndibweza Lolemba."

Ndinakwera pa mpando n'kuitsitsa. Sanandikakamize kapena kundiopseza. Ndinaipereka ndi manja awiri mokondwera. Makolo atabwera sindinawauze. Ndinkafuna kuti adzamve kwa anthu kuti alendo aakulu atamanda mwana wawo.

Loweruka bambo anapita kudimba, pakuti misonkhano ya zipani sankapitako. Ine ndinazemba ndi anzanga. Pa bwalo panali fumbi, ng'oma, ndi amayi ovala nsalu za chipani akuvina. Nsalu yanga ndinaiona ndili patali. Anaikhomera kutsogolo kwa nsanja, pansi pa mbendera, moti aliyense woyang'ana olankhula ankayamba waiwerenga. Ndinakoka mnzanga n'kumulozera.

Mlendo wamkulu ataimirira, za mwana wophunzira sanatchule. Analoza nsaluyo ndi ndodo yake.

"Werengani nokha! Si ife talemba, ndi Akhristu anu omwe. Mwaona zimene zachitika chiyambire nkhani ya zipani zambiri: mfuti mu tauni, ana anu kuthawira kutchire. Amene akufuna kusintha boma akufuna nkhondo, yonga imene yatha anthu kutsidyaku. Akhristu akukana nkhondo. Ndiye Mkhristu weniweni akudziwa poika voti yake!"

Kenaka anatchula dzina la bambo anga ndi udindo wawo mumpingo, n'kuwathokoza. Nthungululu zinamveka bwalo lonse. Anthu amene anali pafupi nane anacheuka kundiyang'ana, ena akumwetulira, ena ayi. Aphunzitsi anga, amene tonse tinkadziwa kuti amakonda chipani chatsopano, anali ataima kumbuyo pansi pa mtengo. Anandiyang'ana kamodzi n'kuchoka.

Bambo anamva ine ndisanafike kunyumba. Ndinawapeza atakhala pa khonde, miyendo idakali yamatope a kudimba. Anandifunsa funso limodzi, ndinavomera. Ndinadikira kuyang'ana kuja, koma sanandiyang'ane.

"Nsalu wapereka ndiwe," anatero, "koma mawu ndi anga. Samba, tipite."

A Chisale anatilandira bwino. Bambo anawauza kuti nsaluyo sinalembedwere chipani chilichonse, ndipo mawu ake apotozedwa.

"Tapotoza pati, abambo? Tasintha chilembo chiti? Inu mukukana nkhondo, ifenso tikukana nkhondo. Kapena mwayamba kuifuna?"

A Chisale anatibwezera nsalu ili ndi mabowo a misomali m'makona ndi dzimbiri m'mphepete.

Lamulungu bambo anapempha mpata atatha mapemphero. Ananena kuti iwo sali mbali ya chipani chilichonse, ndipo Mkhristu avote monga mtima wake ukumuuzira. Zimenezi sizinakondweretse aliyense. A chipani cholamula anati bambo atembenuka, agulidwa ndi anthu a ku tauni. Ofuna kusintha anati akungodziyeretsa pamaso pa anthu ntchito atagwira kale. Mkulu wina wa mpingo, amene mwana wake anamangidwapo chifukwa cha ndale, anaimirira n'kunena kuti mtendere wa bambo anga uli ngati ambulera imene imatsegukira mbali imodzi. Mabanja angapo anasiya kubwera, anayamba kupemphera m'kalasi ku sukulu. M'mudzi, wovala nsalu ya chipani chatsopano anayamba kutchedwa wankhondo. Ku mjigo amayi ena ankachotsa ndowa zawo amayi anga akafika, ndipo ena ankawapatsa malo patsogolo, zomwe zinkawapweteka chimodzimodzi.

Patapita sabata ziwiri uthenga unabwera kuchokera ku Nathenje. Amalume sankabisa kuti akufuna boma lisinthe, ndipo ankanena zimenezo kwa aliyense wobweretsa njinga. Masana ena gulu lochokera ku msonkhano linaima pa shedi yawo. Anazula mizati, anagwetsa denga, anamwaza masipoko ndi masipanala mu ngalande. Amalumewo sanawakhudze. Pochoka wina anawauza kuti, "Ngakhale alamu ako anena kuti anthu inu mukufuna nkhondo."

M'mawa mwake bambo anandiuza kuti sindipita ku sukulu. Tinakwera njinga, njira yomwe ija, koma tsopano youma, chimanga chitafiira m'minda. Tinapeza amalume akukumba dzenje la mzati ndi chitsulo. Panali anthu atatu kapena anayi amene ankadikira ndi njinga zawo. Titapatsana moni, bambo anavula jekete, anandipatsira, anadzutsa mzati n'kuuimika m'dzenje. Amalume anayamba kukwirira n'kumasinja dothi.

Pa mzati wachiwiri bambo analankhula chapansipansi.

"Alamu, tsiku lija pa msika ndinaopa. Ndinaima kuseri kwa ogulitsa mbatata, ndinaona zonse, ndinapita kunyumba."

Amalume anasiya kusinja. Bambo anali ataima kumanzere kwawo.

"Sindikumva mbali imeneyo. Bwerani kuno munene."

Sindidziwa ngati sanamvedi. Bambo anazungulira mzati, anaima kumanja, n'kubwereza mawu omwewo mokweza, moti anthu odikira aja anamva ndipo anayang'ana kumbali. Ndinali ndisanawamvepo akulankhula mokweza chotero kunja kwa tchalitchi. Amalume anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Ndinakuonani tsiku limenelo," anatero. "Ndimadikira kuti mudzanene."

"Koma za mfuti sindinasinthe. Lemekezani akanaphedwa, khutu lanu silikanatseguka."

"Ndikudziwa kuti simunasinthe. N'chifukwa chake ine sindingakusankheni ngakhale mu komiti ya mjigo. Gwirani bwino mzatiwo, wapendama."

Denga litakwera, ndinagwada pafupi ndi amalume, mbali yakumanja, n'kuwauza kuti nsalu ndinapereka ndine, ndipo ndinapereka chifukwa anandiyamikira. Ndinalira. Iwo anapukuta manja pa kansanza ka girisi.

"Zilembo zako n'zabwino, Esinati, ndinaziona tsiku lomwe lija. Koma wolemba naye azifunsa kuti zikukapachikidwa pati. Dzuka, ukatole masipoko mu ngalandemo."

Ndinatola masipoko mpaka dzuwa linapendeka. Chimenecho ndicho chilango chokha chimene ndinalandira pa nkhani yonseyi.

Chisankho chinachitika, boma linasintha, ndipo nkhondo imene ankatiopseza nayo sinabwere. Kwathu ambiri anavotera chipani chakale, ndipo sindinganene kuti ndi angati amene nsalu ija inawakankha. Nthawi yosankha akulu a mpingo itakwana, dzina la bambo silinadutse. Komiti ya sukulu itapangidwa mwatsopano, a chipani chatsopano anati iwo ndi munthu wa a Chisale, a Chisale anati si munthu wawo. Anthu anasiya kubwera nayo mikangano ya malire. Bambo anapitiriza kulima ndi kupemphera, atakhala pa benchi la kumbuyo. Amene anamuvotera sanatiuze mpaka imfa yawo. Amalume ankabwera pa Khirisimasi iliyonse, ndipo awiriwo ankatsutsana za nkhani yomweyi ngati yachitika dzulo, kenaka n'kuperekezana mpaka pa msewu.

Kwa zaka zambiri ndinkafuna kudziwa amene ankalondola. Ndili mtsikana ndinali mbali ya bambo, chifukwa ndinkaona mmene anthu anawatayira. Nditakula n'kuyamba uphunzitsi ndinapita mbali ya amalume, ndipo nthawi ina ndinanenapo mawu owawa kwa bambo amene ndikanakonda kuwabweza. Tsopano sindifunanso kuweruza mlanduwo. Bambo sananame. Magazi a mnyamata wothawa kutchire ndi magazi ndithu, ndipo mai Nambewe anali ndi ufulu wofunsa ngati mpingo ungokhala chete. Koma funso limenelo linali loyenera kufunsidwa kalekale, pa msika wa Mitundu, ndipo panalibe analifunsa. Mawu a mtendere amene anakhala chete pamene wopanda mphamvu ankapondedwa, akadzatuluka tsiku limene wopondayo wayamba kuthawa, amamveka ngati atenga mbali ngakhale mwini wake asanatenge. Ndipo amene amawatola msanga ndi yemwe akuwafuna kwambiri.

Chimene ndinachimvetsa mochedwa n'chakuti ulendo wa ku Nathenje, ngakhale unali wa matope ndi wotopetsa, sunali woopsa. Pofika tsiku limenelo munthu ankatha kuima pa msewu ndi nsalu n'kubwerera kwawo ali bwinobwino. Bambo anazindikira zimenezi ine ndisanazindikire, ndipo ndikhulupirira kuti n'chifukwa chake sanadandaule pamene anawachotsa pa udindo. Chikhulupiriro chawo sanachitaye, koma anavomera kuti chinachedwa kutuluka m'nyumba, ndipo mtengo wa kuchedwako anayamba kulipira ndi munthu wina.

Ana anga a m'kalasi akamandifunsa ngati kuli bwino kulowerera anthu akamamenyana, ndimawauza kuti inde. Kenaka ndimawafunsa kuti dzulo anali kuti, pamene ankamenyedwa anali mmodzi yekha.